Mwana wanga wovala cochlear implant wayamba kudzipatula

Mayi wa ku Chelstone:
Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 15, ndipo anamuika cochlear implant (chipangizo chothandiza osamva kuti azimva, chomwe mbali ina imaikidwa mkati mwa khutu, ina imavalidwa kunja) ali ndi zaka 4. Kale ankacheza ndi aliyense, koma chiyambireni sekondale amabisa kachipangizo kakunjako ndi tsitsi, ndipo akaweruka kusukulu amakavula n'kudzitsekera kuchipinda. Abambo ake akuti ndi mwano chabe. Kodi uphungu ungamuthandize, nanga ndingayambire pati muno mu Lusaka?

Mphunzitsi wa ana osamva:
Amayi, umenewo si mwano ayi. Chipangizochi sichibwezeretsa kumva kwachibadwa, koma chimasandutsa mawu kukhala timphamvu tamagetsi topita ku mtsempha wa kumva, ndipo ubongo ndiwo umavutika kuwamasulira. M'kalasi yodzaza kapena m'minibasi yaphokoso mwanayo amangokhalira kuyang'ana milomo ya anthu, moti pofika madzulo amakhala atatheratu. Chowawa kwambiri ndi nthabwala, chifukwa anzake akaseka iye asanamve amangosekera nawo, ndipo akafunsa amamuyankha kuti "zisiye, zapita." Mlangizi wabwino amakhala naye payekha pamalo achete, moyang'anana, n'kuyeserera naye mmene angapemphere anzake kuti abwereze mawu, ndiponso mmene angafotokozere chipangizo chake popanda manyazi. Yambani ndi mphunzitsi wa uphungu wa pasukulu pake.

Bambo wa ku Matero:
Ndikuvomereza, koma musanapite kwa mlangizi kaonetseni chipangizocho kwa akatswiri a makutu, monga a ku chipatala cha Beit CURE, popeza chimafunika kuchunidwa nthawi ndi nthawi. Mdzukulu wanga anamasuka atakumana ndi achinyamata ena osamva ndi kuphunzira chinenero chamanja, ngakhale kuti ife akuluakulu tinkaopa kuti aleka kulankhula, zimene sizinachitike. Bungwe la Zambia National Association of the Deaf lingakulozereni kumene angachiphunzire.

Namwino wa ku Kabwata:
Ngati wayamba kukana chakudya, kusowa tulo kapena kunena kuti moyo wamukwana, musadikire ayi. Pitani naye kuchipatala, kapena imbani nambala yaulere ya 116 yothandiza ana.

Mayi wa ku Chelstone:
Zikomo nonse. Mawu akuti "zisiye" ndawanenapo inenso kangapo tili pa nsima, ndipo sindinkadziwa kuti amamulasa mtima. Kodi abambo ake apite nawo kwa mlangiziyo tsiku loyamba, kapena ayambe apita yekha mwanayo?