Gulu la Mbumba ya Agogo: za kopaletivu ya Mayi ndi malo a kumsewu

Lachitatu

Chikondi: Mwaswera bwanji nonse. Ndayankhula ndi Mayi madzulo ano. Kopaletivu yawo ya mtedza ndi soya ikufuna kupempha thandizo ku AGCOM, ndiye mamembala auzidwa kuti aliyense asonkhe K150,000 mwezi uno usanathe. Mayi akuti alibe pogwira, maso ali pa ife. Palinso nkhani ya malo, koma imeneyo tidikire Amalume alowe.

Bambo a Tadala (Joni): AGCOM ndiye chiyaninso? Makuponi atsopano?

Mphatso: Ayi achimwene, si makuponi. Ndi pulojekiti ya boma, ndalama zake ndi za World Bank, idayamba mu 2018. Sapatsa munthu payekha, amapatsa gulu lolembetsedwa. Mumalemba zomwe mukufuna, kaya nyumba yosungiramo zokolola, kaya makina, iwo amalipira 70 pa 100 iliyonse, gulu lipeze 30 yotsalayo. Ndipo musanapemphe mukhale ndi wogula, kampani yomwe yavomera kuti izikugulani.

Bambo a Tadala (Joni): Ndiye kuti tiyambe ife tapereka kuti atipatse? Ine ndimati ndalama yomwe ndikusunga kuno ndi ya feteleza wa Mayi. Thumba la pasitolo lidadutsa K100,000 kalekale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zoti atipatsa mawazi ndi zamphepo.

Mayi aang'ono: Madzulo abwino ana anga. Ine ndili kumbali ya Bambo a Tadala. Njala ya 2024 ija mwaiwala? Boma lidachita kulengeza kuti maboma 23 ali pangozi. Munthu ayambe wadzaza nkhokwe, zamalonda pambuyo.

Chikondi: Mayi aang'ono, palibe akuti tisiye feteleza. Koma taonani zomwe zimachitika chaka ndi chaka. Timagula feteleza, Mayi amakolola, mtedza amagulitsa kwa mavenda mu Meyi usanaume n'komwe chifukwa fizi ya Pemphero yavuta. Venda amabwera ndi sikelo yake, mtengo amanena yekha. Pofika Okutobala mtedza womwewo wakwera, ife tilibe ndi ndowa yomwe. Disembala ikafika tayambiranso kusonkha.

Mphatso: Ndipo pali china chomwe sindimafuna kunena Mayi akumva 😅 Akamaswa mtedza amauwaza madzi usiku kuti makoko afewe, zala zisapweteke. Mawa lake amauthira m'thumba ukadali wachinyontho. Chuku chimayambira pamenepo. Kampani yogula mtedza wotumiza kunja imayeza chuku, ikachipeza imabweza thumba lonse. N'chifukwa chake gulu likufuna makina oswera ndi nyumba yokhala ndi simenti pansi.

Mayi aang'ono: Iwe Mphatso, mtedza tawaza madzi kuyambira tili atsikana, tidafa?

Mphatso: Simudafe Mayi aang'ono, koma kampani sigula 🙈

Bambo a Tadala (Joni): Mwayamba za ku NRC, koleji ya zaulimi ija, tsopano. Dipuloma ija tidalipira ija ikugwira ntchito pa WhatsApp pokha.

Mphatso: Achimwene mwandilasa. Koma mundilole ndinene chimodzi. Makuponi adayamba 2005 nthawi ya Bingu. Pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itabwera mu 2020 thumba linali K4,495, kenako K7,500, kenako K15,000. Zaka zonsezi ndalama zambiri za unduna wa zaulimi zakhala zikupita ku feteleza wotsika mtengo. Maiko a mu Africa adagwirizana ku Maputo mu 2003 kuti 10 pa 100 ya bajeti izipita ku ulimi, ndipo Malawi nthawi zambiri amafikapo, koma ukachotsa feteleza zotsalira alangizi, kafukufuku wa mbewu ngati wa ku Chitedze ndi ulimi wamthirira zimakhala zochepa. Feteleza amatha ndi mvula ya chaka chimenecho. Nyumba ndi maphunziro zimakhala.

Tiyamike (Leeds): Ndangotuluka ku ntchito, ndawerenga zonse. Mphatso, maphunziro ake ati? Chifukwa kumudzi ndidaona anthu akupita ku "maphunziro" kukangolandira fanta ndi alawansi.

Mphatso: Awa ndi a kasungidwe ka mabuku a ndalama, kusankha mbewu m'magiredi, kukambirana mtengo ndi wogula, kuyendetsa gulu. Mlangizi wathu amayesetsa, koma ali yekha, midzi ndi yambirimbiri, ulendo wake ndi wa njinga yakapalasa. Ku dimba kwathu adafikako komaliza ine ndili Fomu 4. Gulu likakhala lolembetsedwa amabwera pamsonkhano umodzi n'kupeza anthu onse pamodzi.

Mlamu Esinati: Pepani ndilowererepo ngakhale ndili mtengwa. Ndalamazo asunga ndani? Kwathu banki mkhonde idatha chifukwa msungichuma adapita nazo ku Mozambique, mpaka lero.

Chikondi: Funso labwino mlamu. Mayi akuti gulu lili ndi akaunti ku banki ku Mponela, osainira ndi atatu. Koma ine sindidaone pepala lililonse, ndangomva.

Tiyamike (Leeds): Tisatumize kanthu tisanaone setifiketi yawo. Kopaletivu yeniyeni imalembetsedwa ku unduna wa zamalonda, pepala limakhalapo. Mphatso ukalijambule.

Lachinayi

Amalume: Ndine Pemphero, ndikulembera Agogo aamuna, akunena ndi pakamwa. Akuti moni nonse. Akuti nkhani ya malo ili motere. Akomiti a kopaletivu adabwera Lolemba ndi nduna ya amfumu. Akufuna malo a kumsewu aja padali chigafa cha fodya, kuti amangepo nyumba ya gulu chifukwa lole ikhoza kufikapo ngakhale dzinja. Akuti malowo angawerengedwe ngati gawo la zopereka za gulu. Agogo akuti: ine ndidawayankha kuti malo si anga, ndi a mbumba, ine ndimangoyang'anira. Eni ake ndi alongo anga awiriwa ndi ana awo aakazi. Sindidavomere, sindidakane.

Mayi aang'ono: Achimwene mwachita bwino. Malo amenewo adalima amayi athu ndi khasu la m'manja. Mango atatu ali m'malirewo adabzala okha. Lero tipereke kwa anthu, mawa gulu likatha nyumbayo ikhala ya yani? Adzabwera wina n'kutsegulapo golosale, ife tikuyang'ana.

Bambo a Tadala (Joni): Ndi zomwe ndimanena zija. Dzulo inali K150,000, lero ndi malo. Mawa adzapempha ng'ombe.

Chikondi: Ng'ombe yake iti achimwene 😂

Tiyamike (Leeds): Amayi, ine maganizo anga ndi oti tisapereke, tibwereketse. Pepala lilembedwe, zaka zitchulidwe, malire ayezedwe, amfumu ndi a T/A asainire. Mulembedwenso kuti gulu likatha malo abwerera ku mbumba. Mango akhale kunja kwa malire.

Mphatso: Ndikugwirizana nazo, kungoti zaka zisakhale zochepa kwambiri. Palibe angavomere kuika ndalama zomangira nyumba ya njerwa zootcha pa malo obwereka zaka zitatu. Komanso kuyambira pomwe lamulo la malo a makolo lidasintha mu 2016, nkhani za malo zimafuna pepala, zapakamwa zidzativuta tokha. Ndikafunse ku ofesi ya malo ku boma kuti pepala lotere limalembedwa bwanji.

Mayi aang'ono: Ndipo atilipira?

Chikondi: Apa ndi pomwe ndimafuna tifike. Ngati malo akuwerengedwa ngati chopereka, ndiye kuti Mayi apereka kale kuposa wina aliyense m'gulumo. Bwanji tiwauze akomiti kuti K150,000 ija ichotsedwe, kapena malowo asanduke masheya m'dzina la Mayi ndi Mayi aang'ono?

Mlamu Esinati: Eya, pamenepo ndiye mwaganiza.

Mphatso: Kuchotsa zonse akhoza kukana, chifukwa mbali ina ya 30 ija imafunika ikhale ndalama zenizeni mu akaunti. Koma za masheya ndi zotheka, zili m'manja mwa msonkhano wa mamembala.

Amalume: Pemphero yemwe. Agogo akuti zamasheya sakuzidziwa bwino, koma chomwe akufuna n'choti alongo awo onse awiri anene ndi pakamwa pawo pamaso pa amfumu. Akuti nkhani ya malo siyitha pa foni. Akutinso Bambo a Tadala asamayankhule ngati mlendo, chigafacho ankasomeramo fodya ali mwana.

Bambo a Tadala (Joni): Amalume ndamva, pepani. Ine vuto langa ndi limodzi. Rand ikuvuta kuno, ntchito ndi ya maganyu. Ndikatumiza, ndikufuna ndidziwe kuti Mayi adya chaka chamawa. Nanga pempholo akakana ku AGCOM, ndalama ibwerera?

Mphatso: Kukana kulipo, magulu opempha ndi ambiri ndipo amasankha. Ndifunsa wapampando kuti akakana ndalamayo ibwezedwa kapena ikhala masheya, ndipo ayankhe molemba. Za chakudya musade nkhawa kwambiri. Chaka chino chimanga tilime ekala imodzi yokha koma mosamala, phando limodzi mbewu imodzi, masentimita 25, mizere yotalikirana 75. Ndipanga manyowa a Mbeya, zitosi za nkhuku ndi ndowe za mbuzi zilipo, madeya ndi phulusa zilipo, feteleza amangolowamo pang'ono, thumba limodzi limatambasuka. Kwinako soya ndi mtedza, mizere iwiri ya mbewu pa mzere umodzi. Zimenezo sizidya feteleza ngati chimanga, soya amangofuna inokulanti ya kapaketi, yosakaniza ndi mbewu podzala.

Bambo a Tadala (Joni): Ukapanga zimenezo ndisiya kukunena za dipuloma.

Tiyamike (Leeds): Ndili ndi ganizo lina. Mphatso alowe nawo m'gulumo ngati membala. Mayi aakulu sawerenga bwino, pamsonkhano amangovomera zomwe anena amuna a kutsogolo. Pakhale wathu woona mabuku. Ndalama yolowera ndilipira ine.

Mphatso: Achemwali zikomo 🙏 Koma ndikapeza ntchito ku tauni ndidzapita, ndinene poyera.

Mayi aang'ono: Ukadzapeza tidzaona. Panopa uli pakhomo ukudya nsima ya mayi ako.

Chikondi: Ndiye ndilembe zomwe tagwirizana kuti wina asadzati sadamve. Achimwene agula matumba awiri a feteleza, NPK ndi Urea, monga adakonzera, atumiza pa Mukuru kwa ine. K150,000 ija tigawana ine ndi Tiyamike, koma ikhala pa Airtel Money yanga mpaka Mphatso atatumiza chithunzi cha setifiketi, nambala ya akaunti ya gulu ndi yankho la wapampando. Potumiza ku gulu, osati pa foni ya munthu, ku akaunti.

Mlamu Esinati: Ine ndiikapo K20,000 ya geni yanga, ikhale ya mbewu ya mtedza. Yobwezera ija yatopa, chaka chatha theka idali mphwephwa. Mphatso ufufuze mbewu ya mtundu wa CG7 kapena ina yomwe wogulayo akufuna.

Mphatso: Ndifunsa kaye mtundu womwe adalemba mu mgwirizano, tingagule wina n'kudzatikanira pa sikelo.

Amalume: Agogo akuti amfumu apezeka Loweruka la sabata yamawa m'mawa, madzulo ali ndi mlandu wa mbuzi. Akuti Mayi aang'ono abwere Lachisanu agone konkuno kuti apachibale ayambe akambirana okha. Akutinso pakhale nkhuku ya amfumu.

Mayi aang'ono: Ndibwera, koma thiransipoti ya ku Blantyre mpaka Mponela mundithandize. Ndipo ndanena kale, sindidavomere. Ndikaone kaye pomwe akufuna kukhoma zikhomo. Akayandikira mango aja ndibwerera basi yomweyo.

Chikondi: Thiransipoti nditumiza Lachitatu. Mukafika Lilongwe mutsike pa depoti, tikwerera limodzi. Mphatso, pofika Lolemba zithunzi zija zikhale zili pano, ndipo upeze tepi yoyezera, tisakayeze malo ndi mapazi.

Bambo a Tadala (Joni): Loweruka mundiimbire pa vidiyo ndione nawo. Pemphero, foni ya Amalume ukatchajitse Lachisanu, bandulo nditumiza ine.