Ndithandizeni: ndingamuuze bwanji munthu wamkulu chochita m'Chingerezi popanda kumveka ngati ndikumulamula?

Membala wobisa dzina
Moni nonse pagulu pano. Dzina ndabisa poti nkhaniyi ikukhudza ntchito yanga. Ndimasamalira okalamba panyumba ina ku Leeds, ku England, ndipo agogo amenewa ndimawatenga ngati makolo anga. Sabata yatha abwana anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mwana wa gogo wina wadandaula zoti ndimawalankhula mayi ake mokalipa. Zandiwawa kwambiri, chifukwa sindinakwezepo mawu. Ndimangonena zomwe tinaphunzira kusukulu: "Sit down", "Drink your tea", "Give me your hand". Mumtima mwanga ndimakhala ndikuti khalani pansi agogo, imwani tiyi, ndipatseni dzanja. Ndayesa kuikapo "please" koma akuti zikumvekabe zouma. Aphunzitsi, ndi inu amene mwakhalitsa kunoko, kodi imperative, kalankhulidwe kolamula kameneka, ndi yamwano nthawi zonse? Ndizinena bwanji?

Mphunzitsi wa sekondale, Dedza
Pepani achemwali. Galamala yanu ilibe vuto. Imperative ndi mneni ali yekha, wopanda "you" kapena "to" kutsogolo, ndipo poletsa timayamba ndi "Don't", ngakhale pa "be": "Don't be late". Chakupwetekani ndi china. Ife ulemu timaunyamula mu -ni: mwana timati khala, wamkulu timati khalani. Chingerezi chinali ndi "thou" (iwe) ndi "you" (inu), koma "thou" anayamba kuzimiririka m'zaka za m'ma 1600, ndiye lero "Sit down" ndi yemweyo kwa mwana, kwa gogo ngakhale kwa galu. Ulemu wawo anausamutsira m'funso. Nenani "Could you sit down for me?" kapena "Would you like some tea?" Mukasankha "Would you mind", mneni wotsatira atenge -ing: "Would you mind lifting your arm?" Ndipo akayankha kuti "No, not at all" musabwerere m'mbuyo, ameneyo wavomera.

Mayi wa ana atatu, Manchester
Mwana wanga, usadzione wolephera, ambiri tinadutsamo. Aphunzitsi anena zoona, koma pantchito yathuyi pali china. Gogo wodwala dementia, matenda oiwalaiwala aja, ukamuponyera funso lalitali amasokonezeka, mwina n'kungokana. Ine ndimagwada kuti maso athu afanane, ndimawatchula dzina, kenako ndimadziphatikamo: "Let's get your shoes on", "Shall we have a wash?" Apo sakumva kuti akutumidwa, akumva kuti tichitira limodzi. Tchera khutu kwa anzako obadwira komweko, umva timawu tofewetsa ngati "just" ndi "pop": "Just pop your arm in here for me". Imeneyo ndi imperative yomwe ija, koma yavala zovala. Ku Yorkshire, dera limene kuli Leeds, umvanso "love" paliponse, ngakhale kwa dalaivala wa basi, koma usathamangire, agogo ena sakondwera nalo. Afunse dzina limene akufuna kuti uziwaitana.

Bambo wa ku Area 25
Ine ndikutsutsako pang'ono, tisamuopseze mlongo wathu ngati imperative ndi tchimo. "Have a seat", "Help yourself", "Take care", zonsezi ndi imperative ndipo palibe amene amakhumudwa nazo. Pa sitima zapansi pa nthaka ku London amalengeza kuti "Mind the gap". Pa botolo la mankhwala amalemba "Take one tablet twice a day". Funso n'lakuti apindule ndani. Ngati wopindula ndi womverayo, lamulolo limamveka ngati kumulandira. Ngati wopindula ndi inu, monga "Give me", apo pafunika funso. Ndipo gogo akatsala pang'ono kugwa, kuwani kuti "Stop!" basi, za "would you mind" mudzanena atakhala pansi.

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse, mtima wayamba kukhala m'malo. Amayi a ku Manchester, za kugwada zija ndiyamba mawa lomwe. Aphunzitsi, nanga ndikati "You sit down here" si ndiye kuti ndawalemekeza powatchula?

Mphunzitsi wa sekondale, Dedza
Ayi, imeneyo ipeweni. "You" akaima kutsogolo kwa imperative nthawi zambiri zimamveka ngati mukuloza munthu chala. Yofewa ndi "Do sit down", ngakhale ndi yachikale pang'ono, ndipo okalamba ambiri amailandira bwino. Pa "please" samalani kamvekedwe: mukaikoka kapena kuitsindika kumapeto, imamveka ngati munthu amene watopa nawo. Apempheninso abwana anu akuuzeni mawu enieni amene anadandaulitsa, kuti musamangoganizira.

Kholo la wophunzira wa Folomu 4
Ndilowerereko poti aphunzitsi ali pompano. Wanga akukonzekera MSCE ndipo question tag (kafunso ka kumchira kwa chiganizo) ya imperative ikumusokoneza. Akumalemba "Close the door, isn't it?"

Mphunzitsi wa sekondale, Dedza
Muuzeni kuti ndi "Close the door, will you?" ndiponso "Don't shout, will you?" Chiganizo chikayamba ndi "Let's", mchira wake ndi "shall we?" Pa reported speech (pofotokoza zimene wina ananena) aikepo "to": "He told me to close the door", ndipo poletsa "not to". Ayesere pa mapepala akale a MANEB.