Tinthu tabulawuni pa mwala wa mu thanki ya makorali

Wa ku Cape Town: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mathanki a mbuna ndawasamala zaka zambiri kuyambira kwathu ku Salima, koma za madzi amchere ndangoyamba chaka chino. Nyumba ina imene ndimapitako Lachiwiri lililonse ili ndi thanki ya malita 400 ya makorali, zamoyo za m'nyanja ya mchere zomera pamiyala. Pa mwala wa kumanzere pamera tinthu tabulawuni tonga maluwa, ndipo tikuchulukirachulukira. Mayi a pakhomopo akuti ameneyo ndi korali amene anabwera ndi mwala, ndisamukhudze. Koma ma zoa (makorali ofewa ang'onoang'ono) oyandikana nato atseka, ino ndi sabata yachiwiri. Maganizo anga anali akuti mawa nditulutse mwalawo, ndiuthire madzi owira, ndiukweche ndi burashi.

Mayi wa ku Randburg: Achimwene, madzi owirawo ayi, chonde. Chithunzi mwatumizachi ndi buluu yekhayekha, palibe chikuoneka. Zimitsani magetsi abuluu, muyatse oyera, mujambulenso. Kenako tengani kamtengo, mugunde kamodzi pang'ono, mutiuze kachita bwanji. Muonenso kunsi: kalikonse kali ndi phazi lakelake, kapena tonse tamera pa chikopa chimodzi choyalidwa pamwala?

Wa ku Cape Town: Ndadutsako madzulo ano. Pa kuwala koyera ndaona kuti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Zapamwamba ndi zokhuthala, nkhope yake yafulati ngati batani, timanja tatifupi m'mphepete, ndipo zonse n'zolumikizana kunsi. Ndikagunda zimafumbata pang'onopang'ono, khungu lake lokhakhala ngati lapakidwa mchenga. Zam'munsi, m'ming'alu, n'zoonekera mkati ngati galasi, timanja tatitali tosongoka. Kungoyandikiza kamtengo, zalowa kale m'dzenje. Chimodzi chinatulutsa tiulusi toyera. Ndawerenga 11.

Mkulu wa ku Durban: Mwafotokoza bwino, mwana wanga, chithunzi sichikufunikanso. Zam'munsizo ndi Aiptasia, anemone wovutitsa, kanyama ka m'nyanja kooneka ngati duwa. Tiulusi toyerato ndi zida zake zolumira, ndipo ndi iyeyo akuwotcha ma zoa anu. Zapamwambazo ndi Palythoa. Choncho mayiwo sananame, korali alipodi, kungoti wakhala pamwala umodzi ndi mdani.

Koma chimene chandidzutsa pampando ndi madzi owira aja. Palythoa ena ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, mmodzi mwa oopsetsetsa a m'nyanja. Anamupeza mu 1971 mwa Palythoa wa ku Hawaii, amene eni dera ankapaka kunsonga za mikondo. Ndi maso simungasiyanitse wa poizoni ndi wopanda, ndiye aliyense timamuopa. Mukathira madzi otentha pamwala umenewo, poizoniyo amakwera ndi nthunzi, mumupuma inu, ana a m'nyumbamo, ndi galu yemwe. Ku Alaska, pakati pa 2012 ndi 2014, anthu a m'masitolo ndi m'nyumba zosunga makorali amenewa anadwala atamupuma: chifuwa kubanika, kutentha thupi, mkamwa kuwawa ngati mwanyambita chitsulo. Burashi nayonso imamwaza timadontho m'maso. Mwala umenewo ukhale m'madzi momwemo. Magolovesi aatali, magalasi oteteza maso, ndipo ngati pali bala padzanja, tsiku limenelo musalowetse dzanja.

Wa ku Cape Town: Akulu, thupi lachita tsembwe. Ketulo yake ikanakhala ya kukhitchini kwa eni nyumba. Nanga Aiptasiayo ndingomuzula ndi kachitsulo?

Mayi wa ku Randburg: Osazula, osadula. Amaberekana ndi tizidutswa ta phazi lake, kachidutswa kakatsalira m'dzenje kamasanduka watsopano. Zili ngati dawe m'munda: mukalima n'kusiya timizu, mvula ikangogwa wadzadza. Ine ndimachita chonchi. Ndimazimitsa mapampu onse madzi akhale bata. Ndimasakaniza ufa wa kalkwasser, laimu wa m'mathanki a makorali, ndi timadzi pang'ono ukhale ngati phala lolimba, n'kuika mu sirinji. Ndimayandikira mofatsa kuti asathawire m'dzenje, ndimudonthezera pakamwa penipeni, iye amafumbata n'kumeza, kenako ndimakuta yense. Mapampu ndimayatsa pakatha mphindi 20 kapena 30, nditayamwa kaye phala lotsala ndi kapaipi. Mankhwala a Aiptasia-X a kampani ya Red Sea amagwiritsidwa ntchito mofananamo. Musaphe 11 onse tsiku limodzi, kalkwasser amakweza pH, muyezo wa asidi m'madzi. Atatu kapena anayi pa ulendo, ndipo phala lisagwere pa Palythoa kapena pa zoa.

Wa ku Leeds: Ine phala ndinalitaya mtima, amayi. Mumapha amene mukuwaona, pamene ena ali kuseri kwa miyala ndi m'mapaipi. Kuno ndimaika Berghia, tinkhono toyera topanda chigoba, timene sitidya china chilichonse koma Aiptasia. Timayenda usiku, timalowa paliponse. Kungoti timafuna kudekha, mwina miyezi iwiri itatu musanaone kusintha, ndipo Aiptasia akatha timafa ndi njala, ndiye muyenera kutipereka kwa mnzanu. Mu thankimo muli nsomba zanji, achimwene?

Wa ku Cape Town: Ma clownfish awiri, tang wachikasu, ndi wrasse wamizere sikisi.

Wa ku Leeds: Aa, wrasse ameneyo amatola tizilombo m'miyala tsiku lonse, Berghia sangakhalitse. Pamenepo amayi a ku Randburg akhoza, yambani ndi phala.

Mkulu wa ku Durban: Akakuuzani kusitolo za peppermint shrimp, kanyama konga nkhanu kamene kamadya Aiptasia, muyang'anitsitse. Weniweni thupi lake n'loonekera mkati, ndi timizere tofiira topyapyala totsata utali wa thupi. Pali wina wa linunda pamsana, wa mizere yofiira ndi yoyera yowala, camel shrimp, amene dzina lake la sayansi, Rhynchocinetes durbanensis, linachokera ku mzinda uno. Ameneyo Aiptasia sadya, amakadya ma zoa. Copperband butterfly, nsomba ina yodya Aiptasia, musamuganizire n'komwe pa thanki yoti mumaiona kamodzi pa sabata, kudya kwake n'kovuta, ambiri amangoonda mpaka kufa.

Wa ku Cape Town: Ndabwera ndi lipoti, patha masabata atatu. Mayi aja ndinawaonetsa ndi kamtengo, anadzionera okha china chikufumbata, china chikuthawa, ndipo anavomera. Za poizoni ndinawauzanso, mwana wawo amakonda kuviika dzanja. Aiptasia asanu ndi anayi afa, awiri abwereranso m'dzenje lomwelo. Ma zoa atsegula. Koma ndapeza kena kobiriwira, konenepa, timanja take tili ndi timitu tozungulira kunsonga, ndipo sikathawa msanga.

Mayi wa ku Randburg: Ameneyo akumveka ngati majano, anemone wa mtundu wina. Nayenso amaluma makorali, koma salowa kwambiri m'dzenje, ndiye phala limamupeza mosavuta. Awiri obwererawo, mukangowathira phala, tsekani dzenjelo ndi epoxy, chomatira cha mu thanki.

Mkulu wa ku Durban: Ndipo Lachiwiri likubwerali mutenge tochi. Muunike m'bokosi la overflow, momwe madzi amasefukira, ndi mu sump, kathanki kosefera madzi ka pansi, pakona pamene pampu imakokera madzi. Akakhala 11 pamwala, kumeneko sikulephera kukhala ena.