Mtsempha wa pakhosi wochekeka pang'ono: ndiike khodi iti?

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka a marekodi ndi madokotala, ndigawireniko nzeru. Ndangoyamba kumene ntchito yoika makhodi a ICD-10 (buku la makhodi a matenda ndi kuvulala la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO) pa mafayilo a odwala. Lero yandipeza fayilo ya munthu amene anachekedwa ndi galasi la pawindo pakhosi, mbali ya kumanja. Adokotala angolemba kuti jugular (mtsempha wa pakhosi wobweza magazi kuchokera kumutu) inachekeka pang'ono, anaimanga, anasoka bala, wodwalayo anagona usiku umodzi n'kutuluka. Ine ndinaika S11.8 poganiza kuti ndi bala chabe, koma abwana andibwezera fayiloyo osanena polakwika. Pa intaneti ndikuona S15.211A, pamene m'buku lathu mulibe khodi yaitali chonchi. Mutu waima.

Wa marekodi mnzanu: Achemwali, bwererani kaye kwa adokotalawo akuuzeni kuti ndi jugular iti, ndipo alembe okha m'fayilomo. Yapamwamba, imene imaoneka munthu akamakuwa, ndi external, khodi yake S15.2. Yamkati, yoyandikana ndi carotid (mtsempha wopititsa magazi kumutu), ndi internal, S15.3. Musalote ayi. S11.8 yanuyo sinalakwike, koma ibwere pambuyo pa ya mtsempha, poti chovulala chachikulu ndi mtsemphawo. Muonjezerenso W25 yosonyeza kuti chinamucheka ndi galasi.

Yaitaliyo ndi ya ICD-10-CM, ya ku America. Pambuyo pa S15.2, 1 woyamba akutanthauza kuchekeka pang'ono, 1 wachiwiri kumanja, A kuti wodwala akulandira chithandizo cha balalo. Buku la WHO silisiyanitsa zimenezo, ndiye ngati ndilo mumagwiritsa ntchito, imani pa S15.2.

Dokotala wa maopaleshoni: Mawu oti "pang'ono"wa amanamiza. Pa makhodi amangotanthauza kuti mtsempha sunaduke wonse. Koma external jugular ili pansi pa kamnofu kopyapyala kotchedwa platysma, ndiye ikachekeka ndiye kuti galasi lapyola kamnofuko, ndipo ife bala lotere sitilipeputsa. Timayang'ana ngati chotupa cha magazi chikukula, ngati magazi akutumphuka motsatira kugunda kwa mtima, ngati mawu asasa, ngati pabala pakutuluka thovu la mpweya, kapena dzanja ndi mwendo zafooka mbali imodzi. Zoterezi zikaoneka, nthawi zambiri timathamangira ku fiyeta. Zikapanda kuoneka, timajambula mitsempha ndi makina a CT angiography kapena Doppler, n'kumusunga wodwala kuti timuonerere, n'chifukwa chake wanuyo anagona. Kumanga external sikuvuta, magazi amapeza njira m'mitsempha ina. Chimene ndimaopa ine ndi mpweya: mitsempha ya pakhosi imatha kuukoka munthu akamapuma, n'kukafika nawo kumtima.

Membala wina: Pepani kulowerera, ine si wachipatala. Zikachitika pakhomo, timange khosi ndi nsalu?

Dokotala wa maopaleshoni: Ayi bambo, mungamutsamwitse. Mugonekeni chagada mutu usakwere, tsekani balalo ndi nsalu yoyera, kanikizani ndi dzanja pamalo pomwepo, mbali imodzi yokha, osachotsa mpaka kuchipatala. Osapisa chala m'bala, ndipo galasi likatsalira mkati lisiyeni momwemo.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndawapeza adokotala aja, akuti inali external ndipo alemba n'kusainira. Ndaika S15.2, S11.8 ndi W25. Anandiseka kuti aka n'koyamba wa marekodi kuwatsata mpaka ku wodi. Kafunso kena: akabwera kudzachotsetsa ulusi, ndibwereze S15.2 yomweyo?

Wa marekodi mnzanu: Ayi, m'buku la WHO imeneyo ndi Z48.0. A ku America aja ndi amene amangosintha A kukhala D, kusonyeza kuti wodwala wabweranso bala likuchira.