Mphatso za alendo pa chinkhoswe cha Tadala

Azakhali: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya mphatso za alendo tiimalize lero, masiku akutha. Ine ndimati tipange makandulo onyezimira ngati aja ndinaona pa Facebook. Chisomo, ufa wake uja unaupeza?

Chisomo: Taswera azakhali. Ufa wa mica ndaupeza kuno ku Johannesburg, wagolide ndi wobiriwira wofanana ndi chitenje mwasankha chija. Koma makandulo ayi. Mica sasungunuka mu phula, ndi timiyala tosalala tating'onoting'ono. Kandulo ikayaka timakatseka chingwe, moto n'kumachepa mpaka kuzima. Pachithunzi imakongola chifukwa sanaiyatse.

Malume: Ndiye mlendo magetsi akathima atenge kandulo ya Tadala, ikane kuyaka? Azitiseka mpaka ku ukwati.

Azakhali: Iii ayi. Nanga tipange chiyani?

Chisomo: Sopo. Alipo wa glycerin wogulitsidwa m'zibuma, woonekera mkati ngati galasi. Timamudula, kumusungunula pamoto wochepa osawiritsa, n'kuthira m'zikombole za silicone. Tisagule woyera uja, amameza kunyezimira konse. Ufa tisauthire wouma, umapanga timibulu. Uyambe wasakanizidwa m'kapu ndi rubbing alcohol pang'ono, sipiliti uja wooneka ngati madzi wopukutira pakhungu. Theka la kasupuni ka tiyi likwana pa theka la kilo. Ukachuluka thovu limasintha mtundu, thaulo la munthu n'kuthimbirira.

Mlamu Grace: Pepani alamu, glitter ali mbwee ku Limbe. Bwanji tingogula konkuno?

Chisomo: Glitter wamba ndi pulasitiki, amakanda khungu. Chilichonse cholowa mu sopo chikhale cholembedwa cosmetic grade, kutanthauza choyenera pakhungu. Ndipo alamu, musatenge sipiliti wapepo uja m'malo mwa rubbing alcohol.

Achemwali Ruth: Ndingolowererapo kuchokera kuno ku Leeds. Mica wambiri amakumbidwa ku Jharkhand ku India ndi ku Madagascar, ndipo m'migodi ina mumagwira ana. Ngati alipo wopangidwa kufakitale, synthetic mica, tenga ameneyo, kusiyana kwa mtengo ndilipira ine.

Chisomo: Wobiriwira ndi synthetic kale. Wagolide ndikasinthitsa mawa.

Malume: Mwana wa mlongo wanga, tiuze za ndalama. Alendo tawerenga 150.

Chisomo: Sopo mmodzi wa magalamu 50, ndiye makilo 7.5. Ndigula 8 chifukwa wina amatsalira mumphika. Mtengo ndilemba madzulo ndikachoka kusitolo. Katundu ndimupatsira pa basi Lachisanu, adzera ku Mwanza. Wokalandira ku Wenela apezeke.

Mlamu Grace: Ndikalandira ine. Tikapangira kwathu ku Chilobwe Loweruka linalo.

Chisomo: Zikomo alamu. Kachinsinsi kena: musanathire sopo, pakani ufa wouma pansi pa chikombole ndi kaburashi kofewa, makamaka m'mizere ya duwa la m'chikombolemo. Mukamutulutsa, duwalo limawala lokha. Pochita zimenezi valani mask, ufawu umauluka. Akangouma mumukulunge msanga mu cling film, kapulasitiki kokulungira zakudya kaja. Sopo wa glycerin amakoka chinyezi, nyengo ya mvula ino mukamusiya pamtunda mum'peza atachita thukuta.

Azakhali: Agogo akufunsa ngati anunkhira.

Chisomo: Auzeni ndaika kabotolo ka lemongrass m'katundumo.

Malume: Zamveka. Aliyense atumize gawo lake kwa azakhali pa Airtel Money kapena Mpamba pofika Lachitatu. Anyamata aku Area 25, ndikukuonani mwawerenga koma muli chete.

Yamikani: Tilipo malume. Zomata mayina pa sopo tisindikiza ife.