Thandizeni: batire loyenera injini ya magetsi ya pa boti ndi liti?

Mwini funso, Chitakale, Mulanje

Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha amene zinthu izi mumazidziwa mundiyankhe mosabisa, chifukwa ndalama yake si yamasewera.

Achimwene anga a ku Johannesburg atumizira bambo athu injini ya magetsi ya pa boti, zing'onozing'ono zija zomangirira kumbuyo, zosalira. Pa katoni palembedwa 12V, 55 lb thrust (mphamvu yake yokankhira boti), ndipo ili ndi masipidi asanu opita kutsogolo ndi atatu obwerera m'mbuyo. Yabwera yopanda batire. Bambo amapha makumba ndi milamba ku nyanja ya Chilwa, mbali ya Phalombe cha ku Mpoto, ndi boti la matabwa lokwera anthu atatu. Msinkhu wapita, mapewa sakuwalolanso kuponda boti ndi nsungwi kuchoka padoko kukafika kumene amatchera maukonde. N'chifukwa chake tinaganiza za injiniyi.

Pakhomo pano pali batire la minibasi, N70, lidakali ndi mphamvu. Ku Limbe andionetsa la sola la gel, 100Ah. Mnyamata wina akutsatsa mabatire akale a pa tawa ya foni motchipa. Palinso la lithium, koma mtengo wake unandikhazika pansi. Kudoko kulibe magetsi, kuli munthu mmodzi wotchaja mafoni ndi sola. Ndigule liti? Ndipo lingawayendetse bambo maola angati?

Makanika wa ku Limbuli

Achimwene, la minibasilo lisiyeni pomwe lili. Injini idzazungulira ndithu tsiku loyamba, mudzasangalala, koma pakutha pa miyezi yochepa batire lafa. Batire la galimoto analipanga kuti lipereke moto wambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako alternator n'kubwezeramo nthawi yomweyo. Mapuleti ake ndi opyapyala. Mukamalikama mpaka pansi tsiku ndi tsiku, mapuletiwo amayoyoka ndipo phulusa lake limakadzikundika pansi. Mukaona batire likudzitama ndi nambala ya CCA, dziwani kuti ndi lolizira galimoto. Inu mukufuna lolembedwa deep cycle, lopangidwira kukamidwa pang'onopang'ono mobwerezabwereza, ndipo nambala yoyang'ana ndi Ah, yosonyeza kuchuluka kwa moto umene batire limasunga.

Wa sola ku Luchenza

Amakanika anena zoona. Ine ndiwonjezere masamu, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwira.

Injini ya 55 lb ikakhala pa sipidi yomaliza imakoka pafupifupi 50A, kutanthauza ma amp 50 a moto. Munthu amaganiza kuti batire la 100Ah ndiye kuti maola awiri. Ayi. Batire la mtovu, kaya la asidi wamadzi, kaya gel, kaya AGM (lotsekedwa, asidi wake anamwerera mu ulusi wa galasi), silifuna kutsitsidwa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse. Ndiye zanu zenizeni ndi 50Ah, ola limodzi. Ndiponso 100Ah imeneyo anayeza polikama pang'onopang'ono kwa maola 20, pa 5A basi. Mukalikoka 50A nthawi imodzi limapereka zochepa kuposa zolembedwazo. Choncho pa sipidi yachisanu musayembekeze ngakhale ola lathunthu.

Pa sipidi yapakati injini imakoka cha m'ma 20A mpaka 25A. Pamenepo bambo ayenda maola awiri, mwina kupitirira pang'ono. Boti la matabwa ndi lolemera, likhoza kuyenda makilomita anayi pa ola nyanja ili bata. Werengani nokha: kupita ndi kubwerera zonse pamodzi ndi makilomita asanu ndi atatu kapena kucheperapo. Funsani bambo kuti maukonde awo amatchera patali bwanji, yankho lonse lagona pamenepo.

Pakati pa gel ndi AGM, pa ntchito iyi ine ndingatenge AGM. Gel ndi labwino pa magetsi a m'nyumba, pamene moto umatuluka pang'onopang'ono, koma silikondwa ndi kukokedwa mwamphamvu, ndipo chaja ikapitirira muyeso limawonongeka osabwereranso. La asidi wamadzi ndi lotchipa ndipo limapirira, koma m'boti logwedezeka asidi amatayika, amadya matabwa, zovala ndi maukonde.

Mwini funso

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndawaimbira bambo, akuti kuchoka padoko kukafika kumaukonde ndi ulendo wa ola limodzi ndi nsungwi, madzi akakhala abwino. Ndiye ndikuona ngati ndi makilomita awiri kapena atatu. Kodi ndikagula mabatire awiri a 100Ah si bwino?

Wa sola ku Luchenza

Pa mtunda umenewo limodzi likwana, bola asamathamange. Awiri ndi abwinopo chifukwa lililonse limatsika pang'ono chabe, motero amakhalitsa. Koma kumbukirani kuti la mtovu la 100Ah limalemera makilogalamu pafupifupi 30. Awiri ndi 60. Adzawanyamula ndani m'matope a padoko kukatchaja madzulo aliwonse, bambo amene mapewa akuwapwetekawo?

Mukalumikiza awiri, mutu wofiira upite ku wofiira, wakuda ku wakuda, kuti akhalebe 12V. Mukalumikiza wofiira ku wakuda mwapanga 24V ndipo injini ipsa. Akhalenso a mtundu umodzi, msinkhu umodzi. Lakale likaphatikizidwa ndi latsopano limalikokera pansi.

Mayi wogulitsa nsomba, Nkando

Ine za ma amp sindilowererapo, koma Chilwa ndimaidziwa chifukwa ndi kumene ndimaoda. Mwana wanga, musawauze bambo kuti ataye nsungwi ndi nkhafi. Nyanja ija ndi yosaya, njedza ndi zomera zam'madzi zili paliponse, makamaka m'mbali mwa Mpoto momwe umathira mtsinje wa Sombani. Kachitsulo kozungulira ka injini kaja kadzakola udzu kangapo pa ulendo umodzi. Komanso mwera ukauka, mafunde a pa Chilwa ndi aafupiafupi koma oopsa, ndipo kainjini kakang'ono sikangalimbane nawo boti litadzaza nsomba. Muwagulire ndi jekete yoyandamitsa. Ndalama ya batire ikakhalapo, ya jekete isasowe.

Mkulu wina wa ku Thyolo

Ndinagwirapo ntchito yoyendetsa alendo owedza black bass m'madamu a m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo injini zimenezi ndi zomwe tinkagwiritsa ntchito chifukwa siziopseza nsomba. Zimene anena mayiwa ndi zoona. Injinizi anazipangira kuyenda mwakachetechete m'mbali mwa damu, osati kuwoloka nyanja. Pa ntchito ya bambo anu ithandiza ndithu, koma aidziwe malire ake.

Pali zingapo zimene wogulitsa sadzakuuzani. Ikani fyuzi kapena breaker ya 60A pa waya wofiira, pafupi ndi batire penipeni. Batire lotere likagundanitsa mawaya limasungunula chitsulo, ndipo boti ndi lamatabwa. Mukafuna kutalikitsa waya kuti batire likhale pakati pa boti, zomwe zimathandiza kuti boti lisalemere kumbuyo, gulani waya wonenepa wa 16mm², osati wa magetsi a m'nyumba. Waya wowonda amatentha ndipo amadya mphamvu isanafike ku injini. Musagwiritse ntchito zopanira za ng'ona zija, mangani ndi nati zolimba n'kupakapo girisi kapena Vaseline.

Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono, makamaka ikamaphwa. Mchere umenewo umadya mitu ya batire ndi zitsulo za injini. Batire likhale m'bokosi la pulasitiki lokwezeka pa thabwa, lomangidwa ndi lamba, lokhala ndi timabowo topumira m'mwamba. Injini azitsuka ndi madzi a pa mjigo akabwerako. Sabata iliyonse amasule pulopela aone ngati kuseri kwake kwakulungika ulusi wa ukonde. Ulusi umenewo umadula labala yotchinga madzi, madzi akalowa m'mota nkhani yatha. Asungenso kapini kapadera ka pulopela m'thumba, kamathyoka akagunda chitsa.

China, injini ya masipidi asanu ngati yanuyo siisunga moto bwino pa sipidi yotsika, mphamvu ina imangotayika ngati kutentha. Za sipidi yopotokola mosadukiza ndi zomwe zimasunga. Musadabwe mukaona kuti sipidi yachiwiri sikukupatsani maola ochuluka monga mumaganizira.

Mnyamata wa ku Bangwe

Bwana gulani a pa tawa basi, ndi amphamvu heve, ine ndimaonera TV usiku wonse ndi limodzi.

Makanika wa ku Limbuli

Aise, TV imakoka ma amp atatu kapena anayi, injini iyi imakoka makumi asanu. Batire lotopa limatha kuyatsa TV koma n'kugwada injini ikangoyamba. Achimwene ofunsa, mabatire a pa tawa amachotsedwa atagwira ntchito zaka, ndipo ena amene akuyenda m'misika ndi obedwa. Wogulitsa akalephera kuonetsa pepala la kumene anawatenga, musayandikire. Akaonetsa, liyeseni musanalipire: litchajeni lidzaze, lumikizani babu la kutsogolo kwa galimoto la 55W, limene limakoka pafupifupi 4.5A, mulisiye maola asanu. Mukachotsa babu n'kudikira ola limodzi, la 100Ah labwinobwino liyenera kuwerenga cha m'ma 12.4V. Likawerenga 12.0V kapena kutsika, latha ntchito.

Ngakhale latsopano la m'sitolo, pitani ndi mita yanu ndi sikelo. Lisawerenge pansi pa 12.5V lili pa shelefu. La mtovu lolembedwa 100Ah koma lolemera makilogalamu 18 kapena 20 ndi labodza, mtovu sungabisike.

Mlongo wa ku Muloza

Ine ndikutsutsana nanu pang'ono nonse amene mukukankhira ku mtovu. Ganizirani munthu amene adzaligwiritse ntchito. Ndi bambo achikulire, kudoko kopanda magetsi. La lithium, mtundu wa LiFePO4, la 100Ah limalemera makilogalamu 11 mpaka 13, mdzukulu akhoza kulinyamula pa njinga. Mukhoza kugwiritsa ntchito 80Ah kapena 90Ah mwa 100 zija popanda kuliwononga, ndiye limodzi likuchita ntchito ya amtovu awiri. Injini imakhala ndi mphamvu yofanana mpaka kumapeto. Limapirira kutchajidwa maulendo 2,000 ndi kupitirira, pamene la mtovu lotsitsidwa theka tsiku lililonse limatha pa maulendo mazana angapo.

Koma chachikulu kwa ine ndi ichi: la mtovu likakhala masiku osadzaza, mapuleti amachita nkhungu yoyera yolimba ija ndipo mphamvu yake imachepa osabwereranso. Kwathu kuno chiperoni chikagwa mu June ndi July timatha masiku dzuwa osalionako. Batire la mtovu lodalira sola nthawi imeneyo limavutika. La lithium likhoza kukhala theka sabata yonse osadandaula.

Mukasankha limeneli onetsetsani kuti BMS yake, kachipangizo ka m'kati koteteza batire, ikuloleza 100A, osati 30A kapena 50A ngati ena otchipa a magetsi a m'nyumba, apo ayi lizizima lokha injini ikakoka. Dziwaninso kuti likatha limangozima mwadzidzidzi, silichenjeza ndi kufooka ngati la mtovu, ndiye pafunika kamita koonetsa zotsala. Ndipo achimwene anuwo akati atumize, pa ndege ya anthu silikwera. Malire a mphamvu ya batire limene munthu wapaulendo angakwere nalo ndi 160Wh, pamene ili ndi la 1,280Wh. Liyenera kubwera pamsewu.

Wa sola ku Luchenza

Achemwali sindikukutsutsani, ngati thumba likulola lithium ndiye yankho. Ndingowonjezera za kutchaja, chifukwa mabatire ambiri amene anthu amandibweretsera atafa anaphedwa ndi katchajidwe, osati ntchito.

Wa mafoni wa kudokoyo musamudalire. Bambo akagwiritsa ntchito 50Ah, zimenezo ndi pafupifupi 600Wh zofunika kubwezera tsiku lomwelo. Pafunika panelo lawolawo la 200W ndi controller ya 20A, kachipangizo kowongolera moto wochoka ku panelo kupita ku batire, makamaka ya mtundu wa MPPT. Dzuwa likakhala labwino panelo lotero limabweza 50Ah pa tsiku. Musalumikize panelo molunjika ku batire popanda controller, ndi mmene anthu amaphikira ma gel. Pa controller musankhe mtundu wa batire lanu: AGM imadzazidwa cha pa 14.4V, gel pang'ono pansi pake, lithium ili ndi malo akeake. Vuto lina n'lakuti bambo akakhala pamadzi m'mawa, batire lili nawo komweko pamene dzuwa likuwomba panelo kumtunda. Akamabwerako isanakwane 10 koloko zitheka. Akamachedwa, ndiye pafunika awiri osinthanitsa, kapena panelo likwere nawo m'boti.

La mtovu aziliyeza litapuma: 12.7V ndi lodzaza, 12.2V ndi theka, pamenepo asiye. Ndipo asatchajire m'chipinda chogona kapena pafupi ndi koloboyi, mpweya umene limatulutsa umayaka.

Mwini funso

Mwanditsegula maso, Mulungu akudalitseni nonse. N70 ikhala pakhomo, a pa tawa ndawasiya. Ndalankhula ndi achimwene usiku uno ndipo ndawawerengera zonse mwalembazi. Agwirizana zoti ayang'ane la LiFePO4 la 100Ah la BMS ya 100A komweko, alitumize ndi a mathiraki pamodzi ndi breaker ndi kamita. Ine mbali yanga ndi panelo, controller, bokosi ndi jekete. Bambo akuti amabwerako m'ma 9 koloko, ndiye panelo likhala kumtunda. Nsungwi akuti sanaganizepo n'komwe zoisiya.

A ku Luchenza, funso lomaliza: pakati pa panelo ndi controller, ndi pakati pa controller ndi batire, ndigule waya wanji? Mtunda wake ndi mamita asanu kuchoka padenga.

Wa sola ku Luchenza

Kuchoka padenga tengani waya wa sola wa 6mm², wopirira dzuwa. Controller ikhale pafupi ndi batire, osapitirira mita imodzi, waya yemweyo wa 6mm² ndi fyuzi ya 25A kapena 30A pa wofiira. Polumikiza yambani batire kenako panelo, pochotsa yambani panelo. Muwalembere bambo zimenezi pa pepala mulimate pakhoma pafupi ndi controller, chifukwa batirelo azidzalichotsa m'mawa uliwonse.