Lenzi yojambulira mbalame pamene ndalama zili zochepa

Wojambula wa ku Chibavi:

Akuluakulu nonse, ndikupempha nzeru zanu. Ntchito yanga ndi yojambula maukwati ndi zinkhoswe muno mu Mzuzu, koma mwini wa malo ena ogona alendo ku Nkhata Bay wandipempha kuti ndimujambulire mbalame za m'mbali mwa nyanja ndi za m'nkhalango zapafupi, kuti zithunzizo azikhome m'zipinda. Kamera yanga ndi Canon 700D, ndipo lenzi yaitali yomwe ndili nayo ndi EF 75-300mm III, yomwe ikafika pa 300mm nthenga za mbalame sizioneka bwino, komanso m'mphepete mwa mapiko oyera mumatuluka mzere wofiirira. Ndalama zomwe ndasunga zingakwanire imodzi mwa zitatu izi, zonse za kaunjika: Sigma 150-600mm Contemporary yomwe munthu wina akugulitsa ku Lilongwe, Sigma 100-400mm Contemporary yomwe mchimwene wanga angandigulire ku Johannesburg pa mtengo wotsikirapo, kapena Canon EF-S 55-250mm IS STM yomwe ingandisiyire ndalama zambiri m'thumba. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha mu November 2023, kugula zipangizo kawiri sindingakwanitse, choncho ndikufuna ndisankhe kamodzi.

Bambo wa ku Luwinga:

Achimwene, tengani 150-600mm musanaganize zina. Wojambula mbalame aliyense amadandaula za kufupika kwa lenzi, ndipo simudzamva wina akunena kuti yake yatalika mopitirira. Pa kamera yanuyo, yomwe sensa yake imachulukitsa ndi 1.6, 600mm imaona ngati 960mm, pamene 400mm imaona ngati 640mm, ndipo kusiyana kumeneko mudzakuona tsiku lomwe choso adzatera pa duwa patali nanu. Ya 55-250mm ndi lenzi yabwino pa mtengo wake, imaposa 75-300mm yanuyo kutali, koma pa mbalame zing'onozing'ono mudzakhala mukudula chithunzi mpaka chosakwananso kusindikiza chachikulu. Pakuti ntchito yanu ndi ya zithunzi zokhoma pa khoma, imeneyo ichotseni pa mndandanda.

Mayi wa ku Katoto:

Pa za 55-250mm ndikugwirizana nanu, bambo, koma pa 150-600mm ndikupempha kuti tiyambe taona kumene achimwenewa akajambulire. Mbalame yomwe mlendo aliyense amafuna kuiona ku Nkhata Bay ndi nkhwazi, ndipo nkhwazi imajambulidwa bwino muli m'boti, woyendetsa akaiitana ndi mluzu n'kuponya nsomba pamadzi. Imachoka mumtengo, n'kutsika mwaliwiro, n'kutambasula zala, ndipo zonsezi zimatha musanapume kawiri. Lenzi ya 150-600mm imalemera pafupifupi makilogalamu 1.9, pamene ya 100-400mm ili pafupi ndi makilogalamu 1.2, ndipo m'boti lomwe likugwedezeka ndi mafunde, kusiyanako n'kumene kumapangitsa kuti muitsatire mbalameyo kapena muitaye. Kuwonjezera apo, pa 600mm mumaona kadera kakang'ono kwambiri, moti nkhwazi ikatuluka m'chithunzi simuipezanso msanga. Ine ndikakhala m'boti nthawi zambiri ndimakhala pakati pa 250mm ndi 400mm, ndipo mapiko amadzaza chithunzi.

Za kuwala tisaiwale. Malenzi onse awiri a Sigma akafika kumapeto amakhala pa f/6.3 (nambala yosonyeza kukula kwa kabowo kolowera kuwala; nambalayi ikakwera, kuwala kolowa kumachepa), choncho palibe yomwe ikuposa inzake pamenepo, koma lenzi ikatalika imafunanso shata yothamanga kuti kunjenjemera kwa manja kusaoneke. Mbalame youluka imafuna shata ya 1/2000 ya sekondi kapena yothamanga kuposa apo, yotera pa nthambi imalola 1/500 ngati mwayatsa OS (chipangizo cha mu lenzi chochepetsa kugwedezeka kwa chithunzi), ndipo m'nkhalango ngati ya Mkuwazi, momwe dzuwa limalowa movutikira, mudzakakamizika kukweza ISO, nambala yomwe ikakwera imawalitsa chithunzi pamalo a mdima. Sensa ya 700D ya mamegapikiselo 18 ikadutsa ISO 1600 imayamba kuonetsa timadontho, ndiye phindu la 600mm limathera pomwepo.

Woperekeza alendo wa ku Rumphi:

Ndimayenda ndi alendo oona mbalame ku Nyika ndi ku Vwaza, ndipo ndaona onse awiri akugwira ntchito. Ku Nyika, komwe kuli mitundu ya mbalame yoposa 400, 600mm imathandizadi, chifukwa mbalame ngati Denham's bustard imayenda m'tchire loyera ndipo siilola kuti muyandikire. Mumajambula muli m'galimoto, lenzi mutaitsamiritsa pa kathumba ka nyemba pa windo, ndiye kulemera sikuvuta. Koma ku Nyanja ya Kazuni ya ku Vwaza m'mwezi wa October, dzuwa likakwera, mpweya wotentha umavinavina pamwamba pa nthaka, ndipo chithunzi cha mbalame yakutali chimatuluka chosokonekera ngakhale lenzi itakhala yodula motani. Chomwe chimathandiza pamenepo ndi kulawira m'mamawa ndi kukhala chete pamalo amodzi mpaka atsekwe ndi akakowa akuzolowereni. Ngati ntchito yanu ndi ya kunyanja, achimwene, mayiwa akunena zoona.

Bambo wa ku Luwinga:

Mfundo ya boti ndaimva ndipo ndi yomveka. Komabe achimwenewa adziwe kuti 100-400mm ya Sigma ya makamera a mtundu umenewu ilibe kolala yomangira pa tripod, choncho adzadalira manja awo kapena kathumba kanenedwako. Ndipo asaganize zodzawonjezera teleconverter ya 1.4, kagalasi koika pakati pa lenzi ndi kamera kuti afike patali, chifukwa f/6.3 imasanduka f/9, ndipo pamenepo autofocus ya 700D siingadalirike. Akasankha 400mm, avomereze kuti afika pomwepo basi.

Mayi wa ku Katoto:

Zimenezo n'zoona. Chinthu china chomwe chikundidetsa nkhawa kuposa mamilimita ndi chinyezi cha kuno kwathu. Lenzi ya kaunjika musailipire munthu asanaiunike: achotse zotsekera zonse ziwiri, awalitse tochi ya foni kuchokera kumbuyo, ayang'ane kutsogolo mopendeka pang'ono. Akaona timizere toyera tofalikira ngati ukonde wa kangaude mkati mwa galasi, imeneyo ndi nguwi, ndipo ikakhalitsa imadya utoto wa galasilo moti ngakhale mutatsukitsa chipsera chimatsala. Tifumbi tochepa mkati si vuto, lenzi iliyonse yotalika ndi kufupika imakoka fumbi. Aiyikenso pa kamera ya Canon, ajambule chikwangwani chakutali pa 400mm ndi f/6.3, akutumizireni chithunzicho chosachepetsa kuti muone ngati mbali zonse zikuoneka mofanana, ndipo amvetsere ngati OS ikulira modabwitsa. Ikafika ku Mzuzu, musaisunge m'chikwama chansalu m'kabati nyengo ya mvula ndi chifunga. Ikani m'bokosi lapulasitiki lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, ndipo timapaketito muziumitsa pafupipafupi.

Wojambula wa ku Chibavi:

Zikomo kwambiri nonse. Popeza ntchito yomwe ndili nayo m'manja ndi ya m'boti ndi m'nkhalango, ndisankha Sigma 100-400mm, yomwe ndingaigwiritsenso ntchito m'tchalitchi pa ukwati ndili kumbuyo osasokoneza mwambo. Ndawerengera kale msonkho wa MRA kuti mtengo wonse ndiudziwe isananyamuke, ndipo ndalama zotsala ndigulira batire lachiwiri, kadi yothamanga yosungira zithunzi ndi bokosi losungiramo lenziyo. Malangizo a tochi ndi chikwangwani ndawatumiza kwa mchimwene wanga madzulo ano, ndipo ndamuuza kuti asapereke ndalama ndisanaone chithunzicho. Bambo a ku Luwinga, ngati mungalole, ndikupempha kuti Loweruka m'mawa tikumane ku damu la Lunyangwa mutatenga 150-600mm yanu, kuti ndiphunzire kutsatira mbalame youluka lenzi yangayo isanafike.